Chikwangwani cha Mbali ya Kumpoto

Mkulu wanga amayendetsa minibasi pakati pa Limbe ndi Bangwe. Tsiku limene ndinamufotokozera pa foni ntchito imene ndinapeza ku Toronto, anaseka mpaka kutsokomola. Ndinamuuza kuti kuno pa maloboti ena amaikapo kamera yojambula galimoto iliyonse yodutsa getsi litafiira kale, ndipo tikiti imakakupeza kunyumba ngati kalata. Zimenezo sanadabwe nazo. Chimene chinamupweteketsa nthiti n'chakuti ine ntchito yanga inali yomanga zikwangwani zouza madalaivala kuti kutsogoloko kuli kamera. Anati ndiye kuti anthu atchera msampha, kenako akulipira mng'ono wake kuti aziuza mbewa pamene pali msamphawo. Kwathu, iye anatero, wokuchenjeza ndi dalaivala mnzako pokuthwanimitsira magetsi, ndipo salandira kanthu.

Ndisanachoke ku Blantyre ndinkawotcherera zitsulo ndi kulemba zikwangwani za magolosale ndi malo ometera. Msuweni wanga, amene ndi namwino ku Scarborough, ndiye anandipezera malo pa kampani ina yaing'ono yoika zizindikiro za pamsewu. Ndinasiya mkazi wanga, amake Chisomo, ndi ana aakazi awiri. Pa Chileka sanalire. Anandikonza kolala ya malaya, nandiuza kuti vuto langa ndi limodzi lokha, manyazi, ndipo kumene ndikupitako ndisakaope kufunsa. Ndinayankha kuti ndamva, monga mmene munthu amayankhira ndege ikudikira.

Pepala londilola kugwira ntchito linali ndi dzina la kampani imeneyo yokha. Ikanandichotsa, ndiye kuti ulendo wanga wathera pomwepo. Mapepala oitanira banja langa nawonso ankadalira kuti ndikhale pantchito mosadukiza. Choncho tsiku lililonse ndikamakwera basi, ndinkadziwa kuti ndanyamula anthu atatu amene sanakwere nawo.

Ndinkakhala m'chipinda chapansi pa nyumba ya mwenye wina ku Scarborough. Zenera lake linali lolingana ndi nthaka ya panja, moti anthu a mumsewu umenewo ndinawadziwa nsapato ndisanawadziwe nkhope. Malo a kampani anali ku Etobicoke, tsidya lina la mzinda. Ndinkakwera basi, kenako sitima yapansi panthaka kuchokera kumene imayambira mpaka kumene imathera, kenako basi ina. Miyezi yoyambirira ndinkafika kuntchito nditatopa kale.

Tsiku loyamba, kapitawo wathu, mayi wamtali wochokera ku Jamaica, anandipereka m'manja mwa bambo wina wa imvi mutu wonse. Bamboyo anandifunsa m'Chingerezi kumene ndachokera. Nditatchula Malawi, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Iwe, manje tivutikiranji na chizungu?"

Amenewo anali a Tembo, a ku Chipata. Kwawo anali oyeza malo, koma mapepala awo kuno sanawerengedwe, ndipo anakalambira m'misewu ya Toronto atanyamula makwerero. Msinkhu wawo unali wa bambo anga ondibereka, choncho ndinkangowaitana kuti bambo. Iwo ankanditchula kuti aMalawi, makamaka ndikalakwitsa kanthu. Ataona magolovesi amene ndinagula pa Limbe, anawagwira ndi zala ziwiri n'kundifunsa ngati ndabwera kudzaimba kwaya. Anandipatsa awo akale, achikopa. Anandiphunzitsa kuvala masokosi awiri, kusagwira chitsulo ndi dzanja lonyowa, ndi kuyang'ana kumene magalimoto akuchokera nthawi zonse. Akazi awo ankalongedza chakudya cha anthu awiri osandifunsa n'komwe. Ndinawakonda bambo amenewo, ndipo ndinkawaopa pang'ono.

Ntchito yake inali ndi dongosolo. Mphambano imakhala ndi mbali zinayi zolowera, ndipo pamene paikidwa kamera, mbali iliyonse imayenera kukhala ndi chikwangwani chake, ngakhale kamerayo itayang'ana mbali imodzi yokha. Chikwangwani chiyenera kukhala patali ndithu ndi maloboti kuti dalaivala achione nthawi ikadalipo. Chiyang'ane kumene magalimoto akuchokera. Chisabisike ndi mtengo, kanyumba kodikirirapo basi, kapena chikwangwani chinzake. Tikamaliza, tinkadzaza fomu pa kachipangizo ka kampani: mabokosi anayi, chithunzi cha mbali iliyonse, ndi siginecha imodzi pansi. A Tembo ankati zala zawo sizigwirizana ndi magalasi oterera, choncho kachipangizoko kankakhala ndi ine, ndipo wosaina ndinali ine.

Nditawauza nthabwala ya mkulu wanga ya msampha ndi mbewa, anaseka, koma sanavomereze. Anati mkulu wangayo amaganiza ngati dalaivala wa minibasi, ndipo si kulakwa kwake. Kwa iwo ntchito yathu inali yofanana ndi kuika masamba pamsewu pakagwa maliro, kapena lole ikafa pokhota. Wochokera uku ndi wochokera uko onse ayenera kudziwa asanafike. Kamera imajambula munthu atadutsa kale, mwina atagunda kale wina, pamene chikwangwani chimamupatsa mpata woponda buleki. Ankalankhula zimenezi akudya, osakweza mawu, ndipo ine ndinazisunga.

Nyengo yozizira yachiwiri ndinayamba kuona zinthu. Kapu ya tiyi ankaigwira ndi dzanja lamanzere. Pa makwerero ankandikankhira ine ndi nthabwala, amvekere achinyamata akwere, akuluakulu ayang'anire. Povala chijasi ankayamba kulowetsa mkono wamanja pang'onopang'ono, atatembenukira kukhoma. Zonsezi ndinaziona ndipo sindinafunse. Kwathu mwana safunsa mkulu za thupi lake.

Tsiku lake linali lamphepo yolasa m'mafupa. Anatituma pa mphambano ina kumpoto kwa Scarborough, kufupi ndi malire a Markham, kumene kamera yatsopano inkayembekezeka kuyamba ntchito. Masiku onse tinkamanga limodzi, wina kugwira, wina kumanga. Koma m'mawa tinachedwa pamalo ena, ndipo m'nyengo imeneyo dzuwa limalowa anthu asanaweruke. Tinagwirizana zogawana. Mbali ya kumpoto inali ndi mzati woima kale, pongofunika kupachika, ndiye a Tembo anati atenga imeneyo. Ananyamula chikwangwani ndi makwerero aang'ono n'kuwoloka.

Ine ndinamaliza mbali zitatu. Nditabwerera, ndinawapeza ali kale m'galimoto, manja ali pa chotenthetsera.

"Namanga," anatero.

Ndinawafunsa za chithunzi. Anati foni yawo yazima ndi kuzizira, zimene zinkachitikadi kawirikawiri, ndipo a ku ofesi ankamvetsa. Foni yanga inali m'thumba lamkati, yofunda, ikugwira ntchito bwinobwino. Kachipangizo ka kampani kanali pamwendo panga. Kukafika pa mzatiwo unali ulendo wa mphindi zitatu wapansi. Ndinagwira chitseko. Kenako ndinaganiza mmene zionekere: bambo wa imvi wanena kuti wamanga, mwana wovala magolovesi ake akutsika kukaona ngati akunena zoona. Dzanja langa linachoka pachitseko lokha. Ndinachonga bokosi lachinayi, ndinalemba kuti foni inazima, ndinasaina. Tinabwerera ku Etobicoke tikumvera wailesi.

Chipale chitayamba kusungunuka ndinali nditaiwala za tsikulo. Lolemba lina m'mawa, tisanakweze katundu, kapitawo anatiitana tonse awiri mu ofesi yake n'kutseka chitseko. Patebulo panali zithunzi ziwiri. Choyamba chinachokera pa kamera ya m'galimoto ya mayi wina amene analandira tikiti pa mphambano ija n'kukaitsutsa. Chinkaonetsa msewu wolowera kuchokera kumpoto, ndi mzati wopanda kanthu. Chachiwiri anajambula ndi woyendera amene anatumidwa kukaona. Chikwangwani chathu chinali gone patsinde pa mzatiwo, m'matope, chitapindika. Kumbuyo kwake kunali kathumba ka mabawuti, kakadali komatidwa monga mmene kamachokera kosungira katundu.

Kapitawo sanali munthu wankhanza. Analankhula motsitsa. Anati akuluakulu a mzinda amene anapatsa kampani ntchitoyi akufunsa mafunso pa matikiti onse a mbali imeneyo, ndipo kampani ikhoza kulandidwa ntchito yonse. Anati kulephera kumanga chikwangwani n'kulakwa kokonzeka, koma kusaina kuti chilipo pamene palibe ndi nkhani ina. Anandifunsa ngati ndinachiona ndi maso anga. Ndinati ayi. Anandifunsa kuti nanga amene anapita mbali imeneyo ndani.

A Tembo anali pambali panga, akuyang'ana chipewa chimene anachigwira pamaondo. Ndinadikira kuti alankhule. Ndinamva wotchi ya pakhoma. Sanalankhule. Ndipo ine kukamwa kwanga kunakana kuloza mkulu pamaso pa bwana, iye ali pomwepo. Ndinati tonse tinali pamalopo, ndipo wosaina ndine. Kapitawo anati sakufunsa wosaina, siginecha akuiona. Ndinabwereza zomwezo. Anapuma mozama, nandiuza kuti nakonso kwawo akuluakulu amalemekezedwa, koma fomu sidziwa zaka za munthu. Anandiuza kuti ndipite kunyumba mpaka Lachisanu, ndipo ngati nkhani ikhale mmene ndaisiyiramo, sadzakhala ndi njira yondisungira. Za pepala langa ankazidziwa bwino.

Panja a Tembo anangolowera kosungira katundu. Ndinakwiya kwambiri. Ulendo wonse wa m'sitima ndinkawatukwana mumtima, mawu amene sindingawalembe pano. Ndinkadzifunsa kuti munthu amene ali ndi mapepala ake onse, ana ake akuluakulu ali pantchito, angakhale bwanji chete mwana wa mnzake akumira. Koma ndikafika pa funso lakuti nanga iwe unalekeranji kutsika m'galimoto, ndinkayang'ana pazenera.

Madzulo ndinaimbira amake Chisomo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, osandidula.

"Ndiye mwasankha a Tembo, mwasiya ana anu?"

Ndinati si choncho, ndi ulemu chabe.

"Ulemu umenewo ndiwauze ana kuti ndi umene wakubwezani? Pitani mukawafunse bambowo. Kufunsa si kutukwana."

Lachiwiri ndinakwera basi mpaka pa nyumba yosanja imene a Tembo ankakhala. Ndinaima pansi, ndinawerenga mayina pa mabatani a pakhomo, ndinapeza lawo. Mayi wina wokankha mwana pa kangolo ananditsegulira chitseko poganiza kuti ndaiwala kiyi. Ndinathokoza n'kubwerera pokwerera basi. Lachitatu ndinatulutsa sutikesi pansi pa bedi, ndinaipukuta fumbi, n'kuibwezera. Ndinkachita mantha, ndiponso manyazi oti ndikatsika bwanji pa Chileka.

Lachinayi masana ndinaona pazenera langa nsapato zimene ndinkazidziwa. A Tembo anali asanafikepo kwanga. Anatsika masitepe pang'onopang'ono, atagwira khoma ndi dzanja lamanzere. Ndinawapatsa mpando wokhawo umene ndinali nawo, ine n'kukhala pabedi. Anakana tiyi. Anavula chijasi movutikira, ulendo uno osatembenukira kukhoma, kenako anayesa kukweza mkono wamanja. Unafika pachifuwa n'kuima.

"Ndiye apa pothera," anatero.

Anandifotokozera zonse. Tsiku lija anakwera makwerero, koma mkono unakana kunyamula chikwangwani. Anayesa katatu. Anachitsamiritsa pa mzati, poganiza kuti Loweruka abwera ndi mkamwini wawo kudzamanga popanda wodziwa. Lachisanu kunagwa chipale chambiri, ndipo galimoto yokokolola chipale inaunjika chimulu chachikulu pamalo omwewo. Loweruka anapitadi, anakumba ndi fosholo, koma chimulucho chinali chitauma ngati mwala. Akanakanena ku ofesi, akanafunsidwa chifukwa chimene sanamangire, ndipo za mkono zikanadziwika. Anali atatsala ndi zaka ziwiri kuti apume pantchito bwinobwino. Sabata iliyonse ankadziuza kuti andiuza Lolemba.

"Nenze kuyembekeza kuti uzanifunsa," anatero. "Mu galimoto muja, pamene unagwira chitseko, mtima unakhala pansi. Ninati mwana apite akaone, vithe. Iwe unasiya chitseko."

Ndinati nanga mu ofesi muja.

"Nenze kuyembekeza kuti uzanitchula. Sembe vinanipepukira. Iwe zii, ine zii, ngati tili pa maliro."

Ndinafuna kupsa mtima kachiwiri, koma ndinapezeka ndikuseka, kuseka koipa kotuluka ndi misozi. Anthu awiri akuluakulu, aliyense kudikira mnzake, chikwangwani chili m'chipale miyezi itatu. Iwo sanaseke. Anatenga chijasi chawo, ndinawathandiza kuvala, ndipo ali pa sitepe yoyamba anandiuza kuti achokera ku ofesi. Anali atamuuza kapitawo zonse, ndi mkono womwe atamuonetsa.

Lolemba ndinabwerera kuntchito. Ndinalandira kalata yochenjeza, ndipo kapitawo anandiuza ndili chiimire kuti yachiwiri sidzakhalapo. Kuyambira pamenepo fomu yopanda zithunzi zinayi sinkalandiridwanso, kaya foni yazima kaya yagwera m'ngalande. Za mayi wa tikiti uja sindinamve mmene zinathera. A Tembo anauzidwa kuti amalize mweziwo basi, ndipo asakwerenso makwerero. Zaka ziwiri zija zinapita choncho.

Banja langa ndinakalitenga patapita nthawi. Ndinapeza Chisomo atatalika kuposa amake, ndipo wamng'ono ankandipatsa moni wogwada ngati mlendo wa kutchalitchi. Mkulu wanga anali atamera mimba, ndipo ankandionetsa kwa anzake pa siteji kuti uyu ndi uja amauza mbewa. Popita kumudzi ku Ntcheu tinapeza masamba pamsewu, ndipo titadutsa pa nyumba ya maliro ndinapezeka ndikusuzumira kutsogolo kuti ndione ngati aikanso mbali inayo. Anali ataika. Lero ana anga amandiyankha m'Chingerezi, ndipo amake amati ndi mphoto yanga.

Koma ndibwerere ku Lachisanu lomaliza la a Tembo. Tinali pa mphambano ina ku Etobicoke, pakati pa nyumba zosungiramo katundu, ndege zikudutsa mmunsi kupita kukatera. Kunja kunali kutafunda. Mbali zitatu ndinamanga ine, iwo atagwira makwerero. Pa mbali yachinayi anapempha sipanala. Ine ndinakwera n'kumanga bawuti ya pamwamba, iwo anamanga ya mmunsi ali pansi, ndi dzanja lamanzere, atatambasuka mpaka chipewa kugwa. Tinanyamula zida n'kubwerera ku galimoto. Nditatenga kachipangizo kuti ndidzaze fomu, anandigwira mkono n'kundipatsa sipanala ija.

"Namanga. Manje pita ukacheke."

Ndinati ndinali pomwepo, ndawaona akumanga.

"Waona nikuzungulitsa sipanala chabe. Pita."

Anaima pambali pa galimoto, manja kumbuyo, akundiyang'ana. Ndayenda maulendo ataliatali m'moyo wanga, koma umenewo unandilemera kuposa wa ku Chileka. Ndinkamva maso awo pamsana. Nditafika, ndinaika sipanala pa bawuti yawo. Inazungulira mosavuta, kamodzi ndi theka. Mphepo ya nyengo imodzi ikanaimasula. Ndinaimangitsa, ndinagwedeza chikwangwani ndi manja awiri, ndinabwerera mmbuyo n'kujambula chithunzi.

Pobwerera ndinali nditakonza kale yankho. Mawu akuti zili bwino, bambo, anali pamilomo. Palibe akanadziwa, bawuti inali italimba, ndipo linali tsiku lawo lomaliza.

"Yenze bwanji?" anafunsa.

Ndinayang'ana nsapato zawo, kenako ndinakweza maso.

"Inali yosalimba, bambo. Ndamangitsa."

Ndinaona kuti zawapweteka, ndipo nanenso zinandipweteka. Anasisita mkono wamanja uja, anagwedeza mutu kamodzi, n'kutsegula chitseko cha galimoto.

"Eya, aMalawi. Manje saina."

Ndinasaina, ndipo tinanyamuka kukabweza makwerero.